Tifunseni: Ziphaso zokumbira mafuta m'nyanja, mwini mphamvu ndani?

Makalata a mwezi uno achuluka ochokera m'madoko a Salima ndi Nkhotakota, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ya mafuta a pansi pa nyanja. Tasankhapo angapo, ena tawadula kuti akwane. Oyankha ndi anzathu odziwa za malamulo, za miyala ya pansi ndi za usodzi, amene amatithandiza pa tsamba lino.

FUNSO: Akuluakulu, kuno kudoko kwamveka kuti nyanja inagulitsidwa kalekale kwa makampani akunja, ndipo tsiku lina tidzangouzidwa kuti tivuule maboti athu. Zoona zimenezi? Nanga chilolezo chokumba mafuta m'nyanja amapereka ndani, mfumu ya dera kapena a DC?
Msodzi, Senga Bay, Salima

YANKHO: Achimwene, nyanja sinagulitsidwe, ngakhale mphekeserayo sinangomera yokha. Mfumu kaya a DC alibe mphamvu yopereka chiphaso cha mafuta. Nkhaniyi imayendera lamulo la 1983 lotchedwa Petroleum Exploration and Production Act, lomwe limaika mafuta ndi gasi yense wa pansi pa nthaka ya Malawi m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, m'malo mwa Amalawi onse. Ngakhale atapezeka pansi pa munda wanu wa chinangwa, wanu ndi mundawo basi, za pansizo n'za dziko. Wopereka chiphaso ndi nduna yoona za migodi, ndipo pansi pake pali komishonala woyang'anira za mafuta.

Ziphasozo zilipo ziwiri, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonekera. Choyamba n'chofufuzira. Chimalola kampani kuyeza miyala kuchokera m'ndege, kuyendetsa sitima yomvetsera za pansi, ndipo pomaliza kuboola chitsime choyesera. Chimakhala ndi zaka zowerengeka komanso ntchito imene kampani yalonjeza kugwira m'zakazo. Chachiwiri n'chopopera mafuta ogulitsa, ndipo chimapemphedwa pokhapokha mafuta atapezeka ochuluka moti n'kubweza ndalama zolowetsedwa. Pa ziwirizi palibe chomwe chimapatsa kampani umwini wa madzi, nsomba kapena gombe.

Mphekesera inachokera apa. Boma linadula dziko pa mapu kukhala zigawo 6. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa zigawo 2 ndi 3, zomwe zikutenga nyanja kuchokera ku Karonga kutsika cha ku Nkhotakota, ndipo pambuyo pake munalowa Hamra Oil. SacOil ya ku South Africa inatenga chigawo 1 mu 2012. Mu 2013 RAK Gas inatenga zigawo 4 ndi 5, Pacific Oil n'kutenga chigawo 6 ku chigwa cha Shire. Madzi amene inu mumaponyamo ukonde ali m'chigawo 4. Chiphaso cha 2011 chija n'chomwenso chinadzutsa mkangano wa malire ndi Tanzania, Malawi n'kuima pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 lomwe limaika malire pa gombe la tsidya lija. Kenako mu Meyi 2014, patangotsala masiku ochepa kuti tivote pa 20 Meyi, panasainidwa mapangano a kagawidwe ka mafuta omwe anadzetsa phokoso. Boma latsopano linaimitsa ntchito yofufuza kumapeto kwa chakacho, n'kudzaitsegulanso mu 2016. Ena mwa makampaniwa anabweza zigawo zawo.

Chogwira mtima n'chakuti palibe chitsime cha mafuta chomwe chinabooledwapo m'nyanja ya Malawi. Koma musagone tulo. Lamulo la 1983 linalembedwa nthawi ya Kamuzu, kutatsala zaka 13 kuti dziko likhale ndi lamulo loyamba la zachilengedwe mu 1996, ndipo limasiya zambiri m'manja mwa nduna. Lamulo la migodi linakonzedwanso mu 2019 n'kulamula migodi ikuluikulu kusainirana pangano la chitukuko ndi anthu ozungulira, koma ilo silikhudza mafuta. Zoti la mafuta likuunikidwanso takhala tikuzimva kwa zaka zambiri. Phungu wanu akabwera kudoko, m'funseni za lamulo limeneli asanayambe za mayunifomu a mpira.

FUNSO: Kodi mafutawo alipodi, kapena tikugula mbereko mwana asanabadwe?
Mphunzitsi, Nkhotakota boma

YANKHO: Aphunzitsi, mbereko yagulidwadi, koma pakati pomwe sipanatsimikizike. Chiyembekezo chili ndi maziko ake. Nyanja yathu ili m'chigwa chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, ndipo pansi pake pakhala pakuunjikana matope ndi mchenga kwa zaka mamiliyoni, moti kumpoto muluwo ukuposa makilomita 4 kuchindikala. Kuti mafuta apezeke pamafunika mwala wodzaza zotsalira za ndere ndi tizilombo ta m'madzi, wophikidwa ndi kutentha kwa pansi cha pakati pa madigiri 60 ndi 120. Pamwamba pake pakhale mwala wa timipata monga siponji woti mafuta alowemo, ndiye dongo lolimba lovindikira, lopindika ngati mbale yovundikira kuti mafuta asathawire m'mbali. Chimodzi chikasowa, chitsime chimatuluka chouma, ndipo m'madera amene sanabooledwepo zitsime zambiri zoyamba zimatero.

Akatswiri a Duke University ya ku America anayeza pansi pa nyanja m'ma 1980 pa ntchito ya Project PROBE. Mu 2005 asayansi anaboola ali pa chombo cha Viphya, n'kutsika mamita pafupifupi 380 pansi pa matope pamalo pomwe madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600, koma iwo ankafuna mbiri ya nyengo, osati mafuta. Chinakopa makampani n'chakuti Uganda inapeza mafuta ku nyanja ya Albert mu 2006, m'chigwa cha mtundu womwewu. Onaninso kuti patapita zaka 15 Uganda inali isanagulitse mgolo ndi umodzi womwe. Inafunika paipi ya makilomita 1,443 kuchokera ku Hoima kukafika ku doko la Tanga ku Tanzania, yotenthetsa njira yonse chifukwa mafuta ake amaundana ngati phula.

FUNSO: Ndili ndi chilimira, ndipo anyamata 10 amadyera pa ine. Tamva kuti pofufuza amaphulitsa mabomba m'madzi. Usipa sudzathawa? Nanga sitima yawo ikang'amba ukonde wanga adzalipira ndani?
Mwini chilimira, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, mabomba ankagwiritsidwa ntchito kale. Masiku ano kafukufukuyu, amene amamutcha seismic, amachitika ndi mfuti za mpweya. Izi ndi zitsulo zonga mabotolo zimene sitima imakoka mamita ochepa pansi pa madzi. Amazipopera mpweya wopanikizika kuwirikiza pafupifupi ka 60 uja wa m'tayala la galimoto, ndipo zimautulutsa nthawi imodzi, phu, pa masekondi 10 kapena 15 alionse, usana ndi usiku. Phokosolo limalowa m'miyala n'kubwerera, ndipo limamvedwa ndi timakutu tomangiriridwa pa chingwe chotalika makilomita angapo chomwe sitima ikukoka kumbuyo.

Ngozi yanu yoyamba ndi chingwe chimenecho. Sitimayi imayenda pang'onopang'ono, makilomita 8 kapena 9 pa ola, ndipo siingaime kapena kukhota mwadzidzidzi chifukwa chingwe chingamire kapena kupotana. N'chifukwa chake patsogolo pake pamayenda boti lothamangitsa aliyense ali pa mzere. Taganizani usiku wa mdima, siginala ali pa bwato ndi nyali zake, usipa wasonkhana, maboti ayamba kuzinga, ndiye kukutulukira boti lokuuzani kuti chokani pompano. Matchera ogona m'madzi, omwe chizindikiro chake ndi kachigubu koyandama, woyendetsa sitima sawaona n'komwe.

Kunena za nsomba, mazira ndi tiana tomwe tili mamita ochepa kuchokera pa mfutizo timafa kapena kuvulala, pomwe zikuluzikulu zimathawa kapena kumira. Ku Norway m'ma 1990 ofufuza anapeza kuti nsomba zogwidwa ndi matrola zinatsika ndi theka m'dera lalikulu lozungulira, ndipo patatha masiku 5 phokoso litasiya zinali zisanabwerere. Zimenezo ndi nsomba za m'nyanja yamchere. Chiphaso choyenera chiyenera kulamula kampani kulipira kafukufuku woyeza usipa, utaka ndi chambo chathu ntchito isanayambe, ili mkati, ndiponso itatha.

Zofunika kulembedwa m'chilolezo cha zachilengedwe, osati kungolonjezedwa pamsonkhano, ndi izi. Sitima isagwire ntchito miyezi imene chambo chikuswana, chifukwa chambo chimakumba zisa pa mchenga ndipo chachikazi chimasunga ana m'kamwa, chikadzidzimuka chimatha kuwalavula. Italikire pa mathiriro a Bua, Dwangwa ndi Linthipe komanso pakamwa pa Chia, makamaka nthawi ya mvula pamene mpasa zikukwera mitsinje. Mfuti ziyambe ndi mphamvu yochepa n'kumakwera kwa mphindi zosachepera 20 kuti nsomba zipeze mpata wochoka. Mapu a mizere ndi masiku ake afike ku komiti iliyonse ya asodzi ya pa doko (BVC) ndi pa wailesi za m'dera nthawi ikadalipo. Pa sitima pakhale munthu wodziwa madoko a kuno, wolankhula Chichewa, wokhala ndi nambala ya foni yodziwika.

Za kulipidwa, mlandu umagwa kapena kuima pa umboni. Usipa mwachibadwa umasintha ndi mwezi, ndi mwera, ndi chaka, ndiye loya wa kampani adzangoti ndi nyengo. Gulani kope lero. Tsiku lililonse lembani deti, malo amene mwakokera, ndowa zingati, mtengo wake, ndiponso ngati simunapite, chifukwa chake. Mwezi ukatha mlembi wa BVC ndi alangizi a za usodzi asainepo. Kope la chaka chathunthu kapena ziwiri limalankhula kuposa anthu 50 ofuula. Sungani malisiti a ukonde, zingwe ndi injini, ndipo chiphaso cha chilimira chanu chikhale cholipiridwa monga likunenera lamulo la usodzi la 1997. Wokoka ndi neti ya udzudzu adzavutika kukadandaula, pakuti adzakhala akudziulula yekha. Ukonde ukang'ambidwa, ujambuleni pa foni musanausoke, lembani ola ndi malo, ndipo mukanene tsiku lomwelo.

FUNSO: Chaka china kunabwera anthu a galimoto kudzamva maganizo athu pa chitukuko china cha m'mbali mwa nyanja. Tinalemba mayina, tinamwa zoziziritsa kukhosi, anatipatsa ya transipoti, sanabwerenso. Kenako tinangomva kuti mudzi unavomereza. Akadzabwera a mafuta ndichite bwanji kuti ana anga asadzandiloze chala?
Nyakwawa, dera la Lifuwu, Salima

YANKHO: Gogo, mwafunsa pa nthawi yake, pakuti pa ndondomeko yonseyi malo amene mawu a mudzi amalowa mwalamulo ndi msonkhano umenewo. Chiphaso cha nduna pachokha sichilola kampani kuyamba ntchito yomwe ingawononge chilengedwe. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kauniuni wa mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, uja amamutchula mwachidule kuti ESIA, ndipo wovomereza ndi bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Kampani imayamba yalemba mwachidule zomwe ikufuna kuchita. Kenako pamagwirizanidwa mitu yoti ifufuzidwe, akatswiri n'kupita kudera kukayeza ndi kukamva anthu, n'kulemba lipoti. MEPA imaunika lipotilo, imatha kuitanitsa msonkhano wa poyera, ndipo imakana, kubweza kuti likonzedwe, kapena kuvomereza ndi mfundo zoti zitsatidwe. Kumvetsera za pansi, kuboola choyesera ndi kupopa ndi ntchito zitatu zosiyana kuopsa kwake, choncho musalole kuti msonkhano umodzi uimire zonse. Palinso chilolezo china chotunga madzi ndi kutaya madzi oipa, chochokera ku National Water Resources Authority pansi pa lamulo la madzi la 2013.

Pomwe zimapindikira ndi apa. Katswiri wolemba lipoti amalipidwa ndi kampani yomweyo. Ambiri ndi anthu oona, komabe mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ena amabwera sabata imodzi m'chilimwe n'kulemba za nyanja ngati aiona chaka chonse, osaona mwera kapena kusefukira kwa Linthipe. Lipoti limatuluka m'Chingerezi, masamba mazana, n'kukagona mu ofesi. Ndipo pepala la mayina lija, lomwe inu munasaina kuti mulandire ya transipoti, limakamatidwa kumapeto kwa lipoti ngati umboni wakuti mudzi unafunsidwa.

Ndiye chitani motere. Pamwamba pa tsamba lililonse la mayina palembedwe kuti awa ndi mayina a obwera kumsonkhano, si chivomerezo, ndipo mizere yotsala idulidwe ndi cholembera. Mudzi ukhale ndi mlembi wakewake. Zokambirana ziwerengedwe mokweza anthu asanabalalike, mbali zonse zisaine, inu mutsale ndi pepala lanu, ena apite ku makomiti a chitukuko a mudzi (VDC) ndi a dera (ADC), ndi kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo. Pemphani chidule cha lipoti m'Chichewa ndi masiku oti mukambirane panokha, alendo atapita. Amayi oyanika nsomba ndi anyamata okoka akhale ndi bwalo lawo, chifukwa pamaso pa eni maboti salankhula. Mafunso anu akhale a manambala: chitsime chidzakhala mamita angati kuchokera pa madzi, dera loletsedwa kuwedza ndi lalikulu bwanji ndipo kwa miyezi ingati, matope ndi madzi oipa adzapita kuti, zida zotchingira mafuta otayika zili kuti ndipo zingafike m'maola angati.

Pa malo, Gogo, musasainire munda wa munthu. Pansi pa malamulo a malo a 2016 mwini munda aliyense aonekere yekha powerengera, mtengo wa mango uliwonse, dimba, khola ndi thandala zilembedwe iye akuona, ndipo chipukuta misozi chiperekedwe asanasamuke. Manda asonyezedwe pa mapu poyambirira. Amene amaiwalika kawirikawiri ndi odyera pa gombe koma alibe munda pamenepo: ogula nsomba, osoka maukonde, okhoma maboti, ophika tiyi. Doko likatsekedwa iwo ndiye oyamba kugona ndi njala, koma pa mndandanda wa eni malo sapezekapo. Alembetseni mayina ndi ntchito zawo. Zikakanika, lamulo la 2017 lija limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo komanso wokasuma kukhoti ufuluwo ukaopsezedwa.

FUNSO: Ine ndimagula usipa ndi utaka, kuyanika pa thandala n'kukagulitsa ku Lilongwe. Madzi akumwa, ochapira, osambitsa ana, onse ndi a m'nyanja momwemu. Mafuta atatayika zingathe bwanji, ndipo angatilipire ndani?
Mayi wa geni ya nsomba, Nkhotakota

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi chomwe chimaletsa mafuta kutumphuka okha. Pansi pa makilomita awiri kapena atatu, mafuta ndi gasi zimakhala zopanikizika koopsa. Oboola amazikanikiza ndi matope olemera, osakaniza madzi, dongo la bentonite ndi ufa wa mwala wa barite, omwe amawapopera m'dzenje. Matope akapepuka, gasi amalowa m'dzenje n'kuyamba kukwera. Akalemera mopitirira, amang'amba mwala n'kuthawira m'ming'alu, dzenje n'kutsala lopanda chokanikiza. Chizindikiro cha ngozi n'chakuti matope obwerera kumtunda akuchuluka kuposa omwe apopedwa, ndipo woyang'anira akachedwa kuona zimenezi mphindi zochepa zokha, zinthu zaipa. Chitetezo chachiwiri ndi mapaipi achitsulo olowetsana, aakulu pamwamba, aang'ono pansi, omatidwa ku mwala ndi simenti. Chachitatu ndi blowout preventer, mulu wa mavavu pakamwa pa chitsime, wokhala ndi mipeni yodula paipi n'kutseka dzenje.

Pa 20 Epulo 2010 ku Gulf of Mexico, pa chombo cha Deepwater Horizon, zonse zitatu zinalephera motsatizana. Simenti inasiya mpata, ogwira ntchito anawerenga molakwika zotsatira za kuyeza, ndipo mipeni inakanika kutseka chifukwa paipi inali itapindika. Anthu 11 anafa, mafuta anatuluka masiku 87, ndipo boma la America linawerengera migolo 4.9 miliyoni, mgolo umodzi kukhala malita 159. Kumeneko zombo zothandiza zinali pafupi, ndipo pomaliza anaboola chitsime china cha m'mbali kuti atsekeretu choyambacho. Kuno chombo sichingachoke ku nyanja yamchere kudzalowa m'nyanja yathu, Shire ali ndi mathithi. Makina alionse amabwera zidutswazidutswa pa msewu kapena pa njanji, n'kudzalumikizidwa pa doko ngati Chipoka. Chiphaso chololeza kuboola m'madzi popanda makina achiwiri ndi chotsekera chapadera kukhala zili kale m'dziko muno, ife tingachitche chibwana.

Nyanja yathunso siidzitsuka msanga. Potulukira ndi pamodzi, Shire ku Mangochi, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya litsiro mommo. Kuti madzi onse asinthike kudzera mu Shire pamafunika zaka mazana angapo. Kupitirira mamita 250 kutsika pansi kulibe mpweya wopuma, ndiye tizilombo todya mafuta sitigwira ntchito bwino kumeneko. Pamwamba, mafuta amayenda ndi mphepo pa liwiro la magawo atatu pa 100 alionse a liwiro la mphepoyo. Mwera wa makilomita 30 pa ola ungawakankhe makilomita 20 pa tsiku, cha kumpoto ndi ku gombe la kuno. Mipanda yoyandama yotchingira mafuta imayamba kulephera mafunde akapitirira mita imodzi, ndipo mafunde a mwera wa mu Julayi inu mukuwadziwa. Ngakhale kunja kumene zida n'zambiri, otoledwa pa madzi nthawi zambiri saposa magawo 10 kapena 15 pa 100. Mankhwala omwaza mafuta sawachotsa, amangowamiza, ndipo m'madzi akumwa ngosayenera. Akalowa m'bango la ku Chia, momwe tiana ta nsomba timabisala, palibe tsache lowasesa. Inu a geni mungavutike ngakhale nsomba zanu zili zabwinobwino, chifukwa ogula akangomva kuti usipa wa ku Nkhotakota ukununkha dizilo, mtengo wagwa.

Wolipira, mwa lamulo la 2017, ndi wowononga. Vuto limakhala thumba lake. Makampani amakonda kulembetsa kampani yaing'ono m'dziko, yomwe katundu wake ndi desiki ndi galimoto ziwiri, ngozi ikachitika n'kugwa. Lamulo latsopano liyenera kunena kuti chikole cha ndalama ndi inshulansi ziikidwe kuboola kusanayambe, kampani yaikulu ya kunja isainire ngongole za mwana wake, wodandaula asavutike kusonyeza kuti panali kusasamala, ndipo pakhale thumba lotsekera zitsime ntchito ikatha. America inakhwimitsa lamulo lake mu 1990 itapsa kale ndi ngozi ya sitima yonyamula mafuta ya Exxon Valdez ya 1989. Ku Ogoniland m'dziko la Nigeria, bungwe la United Nations loona zachilengedwe la UNEP linati mu 2011 kuyeretsa malo oipitsidwa ndi mafuta kungatenge zaka 25 mpaka 30. Nanunso sungani kope la zogula ndi zogulitsa monga tawauzira bambo a chilimira aja.

FUNSO: Ena akuti adzaboolera kumtunda n'kupinda paipi mpaka pansi pa nyanja, ndiye palibe choopsa. Paipi yachitsulo ingapinde?
Wophunzira wa Fomu 4, Chipoka

YANKHO: Mphwathu, imapinda. Amayamba choongoka, kenako n'kumakhota madigiri awiri kapena atatu pa mamita 30 alionse mpaka dzenje litagona chammbali. Paipi yotalika makilomita imawerama ngati nsungwi. Ku Wytch Farm ku England anafika makilomita oposa 10 chammbali, ndipo ku Kingfisher ku Uganda akufikira mafuta a pansi pa nyanja ya Albert ali pa gombe. Ubwino wake ndi woonekeratu: pakamwa pa chitsime pali pamtunda, pofikika ndi galimoto, ndipo pangazingidwe ndi khoma. Koma nyanja yathu pena imatambalala makilomita 75, ndiye njirayi ingafikire za m'mbali zokha.

Zoti palibe choopsa ndiye ayi. Zoipitsa zambiri pa chitsime si kuphulika, ndi za tsiku ndi tsiku: dizilo wodontha, zinyenyeswa za miyala zopakika matope, ndi madzi amchere okhala ndi mankhwala amene amatuluka limodzi ndi mafuta. Zikasungidwa m'dzenje lapoyera pa dambo la ku Salima, mvula ya mu Febuluwale izikokolera m'nyanja. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe, choncho mtunda wa chitsime uyezedwe kuchokera pomwe madzi anafikapo patali kwambiri, osati pomwe ali mu Okutobala. Matanki azingidwe ndi khoma lotha kusunga zonse za m'tanki yaikulu ndi kutsalako malo, madzi oipa abwezedwe pansi penipeni, ndipo pakati pa chitsime ndi mijigo ya mudzi pakhale timijigo toyezera. Kumbukiraninso chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 ndi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009. Ming'alu yomwe inapanga nyanjayi ikadagwedezeka, ndipo imatha kuthyola simenti ndi paipi.

Maiko ena anaganiza mosiyana. Michigan ku America inaletsa mu 2002 ngakhale kuboola kopinda pansi pa nyanja zake zikuluzikulu, ndipo mu 2005 America yonse inaletsa ziphaso zatsopano m'nyanjazo ndi pansi pake. Tsidya lina, Ontario ku Canada imalola zitsime za gasi m'nyanja ya Erie. Belize inaimitsa zonse za mafuta m'madzi ake mu 2017.

FUNSO: Ndimanyamula alendo pa boti kupita ku zilumba za Maleri. Kumeneko n'kotetezedwa, eti?
Mnyamata wa boti, Salima

YANKHO: Achimwene, Maleri ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha mbuna. Komiti ya UNESCO imakana ntchito za mafuta m'malo otere ndipo yakhala ikulembera Malawi za nkhaniyi. Koma madzi a pakiyi amangofika mamita 100 kuchokera pa gombe, ndipo mafuta oyandama sawerenga zikwangwani. Chilumba cha Mbenje, chomwe mafumu a kwa Makanjira akhala akuchitseka nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950, chili kunja kwa paki. Malo ngati amenewa, ndi madzi okwanira owazungulira, ayenera kutchulidwa mayina m'lamulo kuti ngosakhudzidwa.

FUNSO: Kodi munthu wamba angathe kuona chiphaso chenichenicho ndi mapangano ake, kapena ndi za mabwana okhaokha?
Mlembi wa BVC, Dwangwa

YANKHO: A mlembi, angathe. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufuluwo, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lembani kalata kwa ofisala wopereka uthenga ku unduna wa za migodi, ina ku MEPA. Musangoti tikufuna kudziwa za mafuta, adzakuyankhani za mumlengalenga. Tchulani chinthu: mndandanda wa ziphaso zomwe zikugwira ntchito pa zigawo 3 ndi 4, mwini wake, tsiku lopereka ndi lothera, pangano la kagawidwe, lipoti la ESIA ndi mfundo zomwe MEPA inaika. Pitani ndi makalata awiri, imodzi adinde deti mubwerere nayo. Ali ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni. Akakana, akane polemba ndi kupereka chifukwa, ndipo mungadandaule ku Malawi Human Rights Commission, kenako kukhoti. Akati muli zinsinsi za malonda, pemphani kuti aphimbe mizere yokhayo, zotsalazo akupatseni. Malawi inalowanso m'bungwe la EITI, lolimbikitsa kuulula poyera ndalama za migodi ndi mafuta, mu 2015, ndipo malipoti a nthambi yake ya kuno, MWEITI, amasonyeza makampani okhala ndi ziphaso ndi ndalama zomwe analipira ku boma.

Pa zonsezo, limbikirani mapu okhala ndi manambala a malire. Mukawapeza, khalani pansi ndi asiginala akale, alangizi a za usodzi ndi foni yokhala ndi GPS, mulembepo zirundu zomwe mumapherapo utaka, mokokera usipa, moswanira chambo ndi potungira madzi. Pepala limodzi lipite ku khonsolo, lina likhale m'bokosi la BVC, m'pulasitiki, kuopa chinyezi ndi chiswe.